Ndani Anauza Abusa za Khonje?

Nditakwatiwa kumudzi wina wa pakati pa Jenda ndi Embangweni, chinthu choyamba chimene ndinaphunzira sichinali Chitumbuka ayi. Ndinaphunzira kuti ulaliki uliwonse uli ndi mwini wake. Kwathu ku Dowa tinkatuluka m'tchalitchi tikukamba za nyimbo kapena kudandaula kuti mapemphero atalika. Kuno anthu ankatuluka akunong'onezana kuti, "Lero amanena ndani?"

Ndipo sankalakwa. Tchalitchi chathu chinali nthambi chabe, moti abusa ankabwera mwa kamodzikamodzi chifukwa anali ndi nthambi zambiri zoti azungulire. Masabata enawo ankalalikira akulu ampingo, anthu a m'mudzi momwemo, odziwa kuti mbuzi ya uje yadya chimanga cha uje. Mkulu wampingo akakangana ndi mnansi wake Lachinayi, pofika Lamulungu vesi linali litapezeka kale. Ankaliwerenga mothamanga, n'kutseka Baibulo, kenako n'kuyamba kuponya miyala mosatchula dzina. Ife kumbali ya amayi ntchito yathu inali kuyang'ana khosi limene lawerama.

Abusa atsopano atabwera anandizunguza mutu. Anali munthu wochepa thupi, woyenda pa njinga yamoto yomwe inkatsokomola chitunda chilichonse. Iwo ankawerenga mutu wonse, pang'onopang'ono, osalumpha ngakhale maina ovuta aja a mafumu ndi mizinda. Akamaliza, Baibulo silinkatsekedwa. Chala chinkakhala pomwepo, iwo n'kumafotokoza ndime ndi ndime, osakuwa, osaloza munthu. Koma makosi ankaweramabe, mwinanso kuposa kale. Ine funso langa linali limodzi: munthu wobwera dzana, wosadziwa ngakhale njira ya kuchigayo chathu, nkhani zathuzi amazitola kuti?

Ndinayesa kufufuza. Amayi busa anali a ku Ntchisi, ndipo ndikapita ndi mwana kusikelo ku Embangweni ndinkadzera kwawo kuti lilime langa lipumuleko pa Chichewa. Tsiku lina ndinawafunsa mozungulira ngati abusa amalandira alendo ambiri ochokera kwathu. Anaseka mpaka misozi, nati amuna awo sadziwa n'komwe kumene nkhuku zawo zomwe zimaikira mazira. Sindinakhutire. Ndinangoti akubisa.

Chaka chimenecho amuna anga anali ku Joni, monga amuna ambiri a kuno, ndipo ine ndinkakhala pakhomo pa apongozi. Apongozi aamuna anali mlimi wa fodya, munthu wa mawu ochepa, wokhala pabenchi yakutsogolo m'tchalitchi. Munda wawo unkachita malire ndi wa mkazi wamasiye wa mng'ono wawo, ndipo malirewo anali mzere wa khonje. Mayiyo atapita ku Boma la Mzimba kukadwazika mwana wake, apongozi anazula khonje n'kukabzala chamkati mwa munda wa mayiyo. Ndinawapeza ali mkati mochita zimenezo nditawatengera thobwa. Ndinagwada patali monga mwa mwambo, ndinaika chikho pansi, n'kubwerera kunyumba. Pamudzi ponse tinkadziwa atatu: iwowo, akazi awo ndi ine.

Lamulungu lotsatira linali la abusa. Anawerenga za mfumu ina imene inakhumbira munda wa mnansi wake. Mwini munda anakana chifukwa unali cholowa cha makolo, mfumuyo n'kukagona itayang'ana kukhoma, chakudya osachifuna. Atafika pamene mundawo unalandidwa, ndinasuzumira kumbali ya abambo. Apongozi anali atawerama moti kolala ya jekete inatsala yokha m'mwamba.

Tisanadye n'komwe, apongozi aakazi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe, kwa amayi busa kuja umakakamba vichi?"

"Za ana, amama. Ndi za kwathu."

"Adada ako akwiya chomene. Akuti pakhomo pano sangasunge munthu wotola nkhani za m'nyumba kukatula kwa amliska, abusa aja. Aimbira foni mwamuna wako. Ubwerere kwanu, mwana atsale."

Mwana atsale. Kuno ng'ombe zikaperekedwa mwana amakhala wa kuchimuna, ndipo wanga anali asanasiye kuyamwa. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Ndinalumbira, ndinalira, koma mtengwa akalumbira kwambiri amati ndiye kuti walakwadi. Chondipweteka china n'chakuti inenso ndinalibe yankho. Ngati si ine, nanga anawauza ndani abusawo?

Mwayi wanga unali wakuti apongozi aamuna sankafuna kuthamangitsa mtengwa popanda mboni. Ankafuna abusa anditchule ndi pakamwa pawo. M'mawa mwake tinauyamba ulendo wa kwa abusa, iwo patsogolo, akazi awo pambuyo, ine kumapeto mwana ali kumsana. Tinapeza abusa atagwada pabwalo, akulimbana ndi njinga yawo ija. Anapereka mpando kwa apongozi pakhonde, ife amayi tinakhala pamphasa chapatali pang'ono. Ankalankhula Chitumbuka, koma mantha amatsegula makutu. Tsiku limenelo sindinaphonye liwu.

"Amliska, ine sindinabwere kudzakangana," anatero apongozi. "Ndikufuna dzina basi. Ni njani wakamuphalirani?"

"Anandiuza chiyani, adada?"

"Za munda."

"Munda uti?"

"Musandiyese mwana. Dzulo mwandivula pamaso pa mpingo wonse. Khonje ndazula, inde, sindikukana. Koma wokuuzaniyo anakuuzaninso kuti nthawi ya adada athu malire anali cha pomwepo? Mlamu wanga munda wonse uja aulima ndi ndani?"

Abusa anaimirira. Kenako anapukuta manja, n'kulowa m'nyumba, n'kutulukamo ndi Baibulo. Anakoka mpando kufupi ndi apongozi.

"Apa ndi pamene ndinawerenga kwanu dzulo," anatero. "Mutu wam'mbuyowu ndinalalikira sabata yatha kunthambi ya cha ku Luwawa. Winawu anaumva a kufupi ndi Jenda. Bukuli ndinaliyamba kalekale, ndipo ndimangopitiriza pamene ndalekeza, kulikonse kumene Lamulungu landipeza. Inu mumamva mutu umodzi, inayo imakupitani chifukwa ndimakhala ndili kwina."

Apongozi anaika chala patsambapo ngati akufuna kumva ngati n'zoona.

"Ndimachitira dala," anapitiriza abusa. "Ndimadzidziwa ine. Ndikayamba kusankha ndekha, ndizisankha zokomera amene amandipatsa nkhuku ndi zolasa amene sandipatsa moni. Pamenepo muzimva ine, osati Mulungu. Koma ndikamatsata buku, mawu amandipeza ine poyamba, kenako inu."

"Mbwenu palibe anakuuzani?"

"Palije, adada. Za khonje ndazimva lero, ndipo mwandiuza ndinu."

Amayi busa anathawira kukhitchini atatseka pakamwa ndi chitenje. Ine kuseka sikunandifike. Ndinangomasula mwana n'kuyamba kumuyamwitsa ngakhale sankalira. Funso limene linandivutitsa miyezi yonse ija linali litayankhidwa, ndipo yankho lake linandidabwitsa kuposa funsolo. Panalibe kazitape. Munthuyo ankangowerenga, ife tokha n'kumadzipezamo.

Abusa anatipempha amayife kuti tiwapatse mpata. Zimene anakambirana awiriwo sindikuzidziwa mpaka lero. Atatha tinabwerera kumudzi. Patapita masiku ochepa mzere wa khonje unapezeka wabwerera pamalo pake, ngakhale palibe anaona woubweza. Mayi wamasiye uja atabwerako ku Boma anangodabwa kuti khonje chaka chino wafota bwanji.

Koma za ine panalibe mawu. Kuno mpongozi wamwamuna salankhula ndi mtengwa maso ndi maso, ndiye kupepesa n'kosayembekezeka n'komwe. Sindinkadziwa ngati foni ija inaimbidwa kapena ayi. Ndinkaopanso kuti munthu amene wachita manyazi pamaso pa mtengwa angathe kumuthamangitsabe kuti asamamuone. Ndinkapita kumadzi mwana ali kumsana, kudimba mwana ali kumsana, osamusiya ndi aliyense.

Loweruka masana apongozi aakazi anabwera atanyamula Baibulo la Chitumbuka, lokutidwa ndi pepala la pulasitiki.

"Adada ako maso sakuona bwino," anatero. "Akuti uwawerengere mutu wotsatira. Akufuna amve chimene chikawagwere mawa a kunthambi inayo."

Ndinadziwa kuti mkuluyo akufuna kudzitonthoza ndi tsoka la anzake. Ndinakhala pansi patali, pamthunzi wa mango. Iwo anali pampando atatembenukira kukhola la ng'ombe, akazi awo ali pakati pathu. Ndinayamba kuwerenga, ndikupunthwa liwu ndi liwu. Ndikalakwitsa ankauza akazi awo kuti, "Muuzeni si choncho," akazi awo n'kundiuza zimene ndamva kale.

Nkhani inali ya mfumu yomwe ija. Tsopano inkafuna kupita kunkhondo, ndipo inasonkhanitsa aneneri ambirimbiri amene anaiuza zokoma zokhazokha. Itafunsidwa ngati panalibenso wina, inavomera kuti alipo mmodzi, koma imadana naye chifukwa sainenera zabwino. Nditafika pamenepo ndinaima ndekha. Sindinadziwe ngati ndipitirize kapena ndinamizire kuti mwana akufuna kuyamwa.

Kenako apongozi anaseka kaseko kakafupi, kotulukira m'mphuno.

"Nayonso ndi yanga iyi," anatero, akuyang'anabe ng'ombe.

Anapukusa mutu. Ndiye anatembenuza mpando, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire changa analankhula nane osadzera kwa akazi awo.

"Mama, Chitumbuka chako n'choipa chomene. Uzindiwerengera Loweruka lililonse mpaka chiwongoke."

"Zitenga zaka, adada," ndinatero.

"Mbwenu zitenge," anayankha. "Pitiriza pamene walekeza."