Neti ya Udzudzu ku Dunoon

Amuna anga ndi dokotala wodziika yekha. Ntchito yawo yeniyeni ndi yotchetcha kapinga ku Constantia, koma kunyumba kwathu ku Dunoon, kuno kunja kwa Malawi, matenda onse amawadziwa, ndipo onsewo dzina lake ndi limodzi: malungo. Mutu ukawawa, malungo. Mwana akakana phala, malungo. Tsiku lina nditapunthwa chala pakhomo ndinaima kaye kudikira kuti anenenso zomwezo.

Pochoka ku Machinga anasiya nsapato zawo zabwino kuti m'chikwama mulowe neti ya udzudzu. Mankhwala a malungo ankaitanitsa kumudzi kudzera kwa madalaivala a mabasi, limodzi ndi usipa, n'kumawasunga m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati.

Mwana wathu wamkazi anabadwira konkuno. Chaka chimene anayamba kulongolola kunazizira koopsa. Kuno zinthu n'zozondoka, mvula imagwa mu Juni, ndipo madzi ake ankalowa pansi pa malata a kanyumba kathu osaodira. Mwana anayamba kutsokomola, thupi n'kutentha.

"Amake mwana, ndi malungo awa. Tsitsani chitini."

"Abambo ake, udzudzu wake uti? M'kuzizira muno?"

"Udzudzu sulengeza kuti ndafika."

Anam'mwetsa. Thupi linazizirako, adokotala n'kumayenda mapewa m'mwamba. Koma chifuwa sichinamve. Mmawa wina ndikumuveka, ndinaona nthiti zikulowa m'kati akamapuma, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka. Apo nthabwala zinandithera, ndinachita mantha kwabasi. Ndinatumiza uthenga kwa madamu amene ndimawagwirira ntchito kuti sindibwera, n'kubereka mwana ulendo wa kukiliniki. Amuna anga anali pambuyo, chitini chawo m'jumbo, ati akaonetse madokotala anzawo.

Nesi, mayi wachikulire wachixhosa, anayang'ana m'chitinimo, kenako n'kuyang'ana ife.

"Mwanayu anapitako ku Malawi?"

"Ayi, sisi, sanapiteko," ndinayankha.

"Nanga malungowo? Nawonso abwera pa basi?"

Anamuyezabe magazi kuti adokotala mtima ukhale m'malo. Munalibe kanthu. Chinali chibayo chongoyamba kumene. Anatipatsa mankhwala oyenera, natiuza kuti kuno udzudzu wa malungo kulibe, chimene chimavuta ana ndi chinyezi m'nyumba. Chitini chinatsala patebulo pake.

Titafika kunyumba tinasuntha bedi. Khoma lonse la kuseri linali bii ndi nkhungu, matiresi atanyowa pansi. Mwana ankagona mphuno ili pomwepo. Ndipo chimene chinkatibisira zonsezi ndi neti ija, imene inkalendewera chaka chonse kudikira mdani amene tinamusiya kumudzi.

Kunena zoona, bamboyo anagwira ntchito. Anakwecha khoma, anakweza bedi pa njerwa, anaboola kawindo kuti mphepo izidutsa. Mwana anachira, n'kuyambiranso kutisokosa.

Ine pakamwa sipachedwa kuyabwa. Loweruka lina ndikuchapa, ndinanyamula neti ija m'mwamba.

"Adokotala, iyi tiitumize kwa amalume ku Mangochi azikagwirira usipa?"

Sanaseke. Anakhala pa ndowa yovundikira, n'kumayang'ana mwana akusewera pakhomo.

"Mng'ono wanga uja anali msinkhu womwewu," anatero. "Kunyumba ankati ndi chimfine chabe, tidikire kaye. Anathera panjinga, ali kumsana kwa amayi, denga la chipatala tikuliona. Wopalasa ndinali ine."

Zoti anataya mng'ono wawo ndi malungo ndinkazidziwa. Zoti anapalasa ndi iwo anali asanandiuzepo. Ndinawamvera chisoni.

Masiku ano mwana akatentha thupi, amene amayamba kuvala nsapato za kukiliniki ndi iwo. Bedi lili patali ndi khoma. Koma neti ikadalipo, pamwamba pa mwana amene sanaonepo udzudzu wa malungo. Ndimaichapa ndine, ndipo ikauma ndimaipachikanso ndekha.