Sitachi wa mumchere

Ndinali nditangoyamba kuphunzitsa sayansi ku Msoro pamene ahedi ananena kuti adzabwera kudzaonerera phunziro langa. Ndinakonza zoonetsa ana kuti ukadontheza ayodini pa chinangwa, chimasanduka buluu wodera chifukwa muli sitachi. Tsikulo m'mawa ndinapeza botolo la ayodini litauma gwa. M'malo mokanena, ndinathiramo inki ndi timadzi.

Chinangwa chinasinthadi mtundu. Ana anawomba m'manja, ahedi akugwedeza mutu kumbuyo, ine ndikudzimva ngati dokotala.

Kenaka Esinati, mtsikana wosatopa ndi mafunso, anatulutsa kapepala ka mchere wodyera mango aawisi.

"Aticha, tiyeseko apa."

Ndinayang'ana kukhomo, koma ahedi anali atakoka kale mpando kudzakhala pafupi. "Yesani, aphunzitsi," iwo anatero. "Sayansi yake ndi imeneyo."

Ndinadontheza pamcherewo. Mchere unasanduka buluu, ndi pepala lomwe.

"Ndiye kuti mumchere muli sitachi?" anafunsa Esinati.

Apa ndikanatha kuulula. Koma thukuta linali litanyowetsa choko m'manja mwanga, maso onse ali pa ine. Ndinakhosomola.

"Alimo pang'ono," ndinatero. "Makamaka mchere wa kuno kuchigwa."

Ana onse analemba. Potuluka ahedi anandigwira chanza nati, "Lero ndaphunzirapo kanthu."

Sabata yotsatira ndinauza ana kuti mcherewo unali utagweramo ufa, bodza lina lokwirira linzake. Ahedi ndinalephera kuwauza. Mpaka lero amakana mchere m'ndiwo, ati kuchipatala anawauza kuti achepetse sitachi chifukwa cha matenda a shuga.