A Athol ndi Masamba Odwala

A Athol Burnaby anagwira ntchito m'minda ya maapulo ya eni ake ku Geeveston zaka makumi anayi. Akazi awo a Noeline atamwalira, anatsala okha m'nyumba yamatabwa kumapeto kwa msewu, ana onse ali ku Melbourne. Pakhomo pawo pankafika okhawo amene mitengo yawo yadwala.

Chaka chimene ndinabzala mitengo yanga makumi awiri, masamba anayamba kuchita mawanga akuda, ena kupiringizika. Ndinathothola angapo n'kupita nawo kwa mkuluyo. Anawayala patebulo, n'kutereka ketulo. Anawatembenuza, kuwanunkhiza, kufunsa za mvula ndi za mayi anga, mpaka tinamaliza kapu yachiwiri ya tiyi.

"Akudawa ndi matenda obwera ndi chinyontho, mwanawe," anatero pomaliza. "Usese masamba onse ogwa uwatenthe, udulirenso nthambi kuti mphepo izidutsa. Opiringizikawa ndi nsabwe chabe. Tasuzumira kunsi kwake."

Zinalipodi, zobiriwira, zitaunjikana.

"Koma a Athol, zimenezi simunazidziwe kalekale inu?"

"Ndinaziona uli pageti," anayankha akupukuta kapu. "Ndikanakuuzira pomwepo, ukanalowa?"

Mitengo yanga inachira. Masiku ano anthu amangojambula tsamba pafoni n'kupeza yankho, ndipo kanjira ka kwa a Athol kamera udzu. Mwezi watha ndinawapititsira tsamba labwinobwino, lopanda banga ngakhale limodzi. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ili ndiye lavuta," anatero. "Khala pansi."