Njinga ya a Maliko Inandiitanira Ankhoswe

Inu owerenga, ine ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba, ndipo ndikulemba izi manyazi atandigwira. Ndinatsala pang'ono kupasula banja langa chifukwa cha mpikisano umene sindinapiteko n'komwe. Dzina langa sinditchula, ngakhale ndikudziwa kuti a m'dera lathu akangowerenga ndime ziwiri anena kale kuti ndi mayi wa njinga uja.

Zinayamba mwana wanga Upile ali ndi miyezi yochepa chabe. Tchuthi cha uchembere chisanathe ndinapita naye ku ofesi kukamuonetsa kwa anzanga. Onse anamulandira bwino, uyu kumunyamula, uyu kumugwira tsaya. Kenaka mayi wina amene timakhala naye chipinda chimodzi, munthu wopanda sefa pakamwa, anandigwira pamimba anthu onse akuona n'kufunsa kuti, "Kodi asisi, anamwino sanaiwalemo wina umu?" Anthu anaseka mpaka kugwira matebulo. Inenso ndinaseka nawo, koma mumtima ndinapsa. Ine kusekondale ndinali katswiri wothamanga, pamene wondisekayo sangathamangire ngakhale minibasi.

Masana omwewo, ndikuyamwitsa, ndinatenga foni n'kuyamba kufufuza zimene amayi ena amachita kuti thupi libwerere mwakale. Apo ndi pamene ndinakumana ndi chinthu chotchedwa thirayathiloni. Ndi mpikisano wa masewera atatu tsiku limodzi: umayamba wasambira, ukatuluka m'madzi ukwere njinga, ukatsika njinga uthamange. Ndinaona zithunzi za azimayi akunja atamaliza mpikisanowo, khanda lili m'manja, mendulo ili m'khosi, pamimba pali see. Ndinati basi, mankhwala a mayi wa ku ofesi uja ndawapeza.

Mipikisanoyo inalipo ya misinkhu yosiyana. Unalipo waufupi, umene analemba poyera kuti ndi wa oyamba kumene. Unalipo wapakati. Ndiye unalipo wautali, wa anthu amene ndikuganiza kuti kunyumba kwawo alibe chochita. Kusambira kwake ndi mtunda ngati wochoka pa Chinamwali kukafika m'tauni. Kupalasa kwake n'kupita ku Blantyre, kubwerako, n'kupitirirabe. Ukatero uthamange mtunda wotsala pang'ono kukafika ku Liwonde. Munthu wanzeru akanayamba wadzifunsa kuti thupi lake lili pati, mwana azimusiyira ndani, njinga ali nayo, nanga kusambira amatha? Ine sindinadzifunse chilichonse. Waufupi ndinauona ngati chipongwe. Wapakati ndinati mayi uja adzanena kuti ndinachita mantha. Ndinalembetsa wautali, wokachitikira kunja kwa dziko chaka chotsatira, dzanja lina litagwira mutu wa mwana. Njinga ndinalibe, ndipo madzi akuya kwambiri amene ndinali nditalowamo chibadwire anali a m'bafa.

Vuto linali apongozi anga, mayi awo a amuna anga, amene anabwera kuchokera kwa Jali kudzandithandiza uchembere. Ndi mayi abwino, ndisawanamizire, koma pa nkhani ya mwana ndi apolisi. Masiku oyamba ankandithowa ndi madzi otentha, ndipo ngakhale miyezi inali itapita ankandimangabe chitenje pamimba mpaka kupuma kumavuta. Ndowa ya madzi sankalola kuti ndiikhudze. Ndikanawauza kuti ndikufuna kukapalasa njinga kuphiri, akanandimangirira kumwendo wa bedi ndi chitenje chomwecho. Amuna anga, bambo a Upile, ndi mphunzitsi wofatsa amene sabisa kanthu kwa mayi ake. Choncho ndinasankha bodza. Ndinati kutchalitchi kwayamba mapemphero a amayi a m'mamawa, ndipo ndikufuna kumakathokoza Mulungu chifukwa cha mwana. Apongozi anasangalala kwambiri, mpaka anadzipereka okha kuti Upile azitsala nawo.

Njinga ndinakaipeza pasiteji ya kabaza, kwa bambo wina dzina lawo a Maliko. Ndinawapempha kuti azindibwereka m'mamawa makasitomala asanayambe kubwera. Anavomera, koma anaika lamulo limodzi. Anati njinga ndi munda wawo, sangaisiye ipite kuphiri ndi munthu amene mabuleki ake sakuwadziwa. Kumene ikupita njinga, iwonso akupita komweko. Nanga munthu angamathamange pambuyo pa njinga yake yomwe? Tinagwirizana kuti ine ndizipalasa, iwo azikhala pakaliyala.

Tangoganizani, inu owerenga. Kunja kukuyera kumene, mkazi wa aphunzitsi ali pachishalo, chitenje wapindira m'chiuno, thukuta lili kamukamu, kumbuyo wanyamula mwamuna wa mwini atakhala pakhushoni ngati bwana, ulendo wa kuphiri. Msewu wokwera phiri la Zomba mukuudziwa, umangokhotakhota osatha. Nthawi imeneyo ndi imene amayi otola nkhuni amakhala akukwera, ena akutsika kale ndi mitolo pamutu, ndipo ambiri mwa iwo ndi a ku Chinamwali konkuno. Ndinkawapatsa moni mwaulemu. Iwo ankayankha mwaulemu woposa, maso ali pa a Maliko. Ine sindinkaona chilichonse cholakwika, m'mutu mwanga munali mendulo basi.

Kuthamanga kunabwera ndi manyazi akeake. Amayi anzanga amene munaberekapo mukudziwa zimene ndikunena. Ndikangodumpha pang'ono, chikhodzodzo chinkachita zofuna zake osandipempha. M'malo mopita kuchipatala kukafunsa, ndinkangonyamula chosinthira. Choncho ndinkachoka pakhomo nditavala chitenje chobiriwira, n'kubwerako nditavala chofiira.

Ndiye panabwera za kusambira. Kuphiri kuja kuli malo ena ogona alendo amene ali ndi dziwe losambiramo, ndipo mlonda wake ndi mnansi wa a Maliko. Ankatilowetsa alendo asanadzuke. A Maliko anakulira ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndiye anadzipatsa okha udindo wa uphunzitsi. Ankaima chapatali manja ali m'thumba n'kumakuwa kuti ndimenye madzi, pamene ine ndakakamira khoma la dziwe, mano akugundana. Madzi a kuphiri amazizira ngati atuluka m'firiji, ndipo ndinamwa ambiri kuposa amene ndinasambira. Koma zimene anthu ankaona ali kunja kwa geti n'zakuti mkazi ndi mwamuna alowa m'malo ogona alendo m'mamawa, ndipo mkaziyo watuluka atasamba.

Apongozi anayamba kundiyang'ana mwachilendo. Tsiku lina anandigwira tsitsi n'kufunsa ngati kutchalitchi kwathu tayamba kubatizana tsiku lililonse. Ndinati ndi nkhungu ya m'mawa. Anangoti "Oo," n'kupitiriza kupeta mpunga.

Kenaka Upile anadwala. Anayamba kutsegula m'mimba, kulira kosatonthozeka, masaya aja n'kuyamba kuphwa. Kwathu kuno akuluakulu akaona khanda likutero amaganizira tsempho, kutanthauza kuti mmodzi mwa makolo wayenda kunja kwa banja mwana akadali wakhanda. Popeza ine ndinali munthu wa mapemphero, apongozi anayambira mwana wawo. Anawakhazika bambo a Upile pabalaza, ine ndili pomwepo, n'kuwathira mafunso ngati mwana wa sitandade wani.

"Iwe, undiuze bwinobwino. Ukamati uli ndi makalasi a madzulo, makalasi akewo amavala diresi?"

Amuna anga analumbira, anatchula Mulungu, anatchula malemu bambo awo, misozi ili lengelenge. Mayi awo sanakhulupirire. Anasiya kuwayankhula, ndipo pogawa nkhuku ankawapatsa khosi lokha. Ine ndinkadziwa kuti mwana akuphonya bere la m'mawa, kuti akalira apongozi akumupatsa phala lamadzi nthawi yake isanakwane, ndiponso kuti ndikamabwerako ndimakhala nditatheratu. Sindinanene. Apongozi atawauza amuna anga kuti atengere chitsanzo kwa mkazi wawo wopemphera, ine ndinagwedeza mutu, mpaka ndinawonjezera kuti mawa ndikawapempherera. Pa zonse zimene ndinachita, apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri.

Bodza langa linagwa ndi mtolo wa nkhuni. Mayi wina wogulitsa nkhuni anafika pakhomo, apongozi akusankha mtolo, ine n'kutulukira ndi mwana kumsana. Mayiyo anaomba m'manja. "Aa, kodi amayi onyamula a Maliko aja ndi akazi a mwana wanu? Koma ali ndi mphamvu, ee! Kungoti kuloji kuja amachedwako." Sanali ndi cholinga choipa, kapena anali nacho, sindikudziwa. Dzuwa lisanalowe nkhani ya njinga, ya zitenje ziwiri ndi ya tsitsi lonyowa zinali zitalumikizana zokha. Bambo a Upile sanakalipe. Anangotenga foni n'kuimbira ankhoswe.

Loweruka lake anafika malume anga ochokera ku Thondwe, amene ndi nkhoswe yanga, pamodzi ndi nkhoswe ya kuchimuna. A Maliko nawonso anaitanidwa, ndipo anabwera chipewa chili m'manja, atagona kale masiku angapo kukhitchini chifukwa akazi awo anali atamva. Tsiku limenelo anansi athu onse anali ndi zovala zoyanika pafupi ndi mpanda wathu.

Malume anandifunsa chimene ndimakachita kuphiri ndi mwamuna wa mwini. Ndinafotokoza zonse, kusambira, njinga, kuthamanga, mitunda yake yomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Akukuthamangitsa ndani?"

Ndinati palibe.

"Ku Liwondeko kuli maliro?"

Ndinati ayi, ndi mtunda chabe, ndipo mpikisanowo uli kunja.

"Nanga ukafika ukalandira chiyani?"

Nditati mendulo, malume anavula chipewa n'kuyang'ana m'kati mwake nthawi yaitali. Anati akhala nkhoswe m'mabanja ambiri, amva mabodza a mitundu yonse, koma ili ngakhale chidakwa sichingalipeke. Ndinatulutsa foni kuti aone okha. Zithunzi za azimayi ovala zosambirira sizinandithandize. Nkhoswe ya kuchimuna inavala magalasi n'kuzifufuza mosamala kuposa mmene mlandu unkafunira. Apongozi anati ngati ndinanamizira tchalitchi, foni ndingalephere bwanji kuinamizira? Apo ndinaona kuti banja likupita ndithu, ndipo ndinayamba kulira.

Amene anandipulumutsa ndi a Maliko, ndipo sankafuna kupulumutsa ine, ankadzipulumutsa okha. "Mabwana, ine ndi mayiwa palibe chilichonse, ndimangolondera njinga yanga. Ndipo ndinene pano, mpikisano umenewo sangauthe. Tikangofika pokhota pachiwiri amatsika akulira, njinga ndimakankha ndine, nthawi zina iwo ali panjinga pomwepo. M'madzi ndiye musanene, amamira ngati khasu. Ine ndimangowamvera chisoni."

Kuseri kwa mpanda kunaphulika chiseko. Nkhoswe ya kuchimuna inaseka mpaka kutsokomola, apongozi anabisa nkhope m'chitenje mapewa akugwedezeka. Malume anagamula kuti palibe mwamuna amene angayankhule chotero za mkazi amene amamufuna. Mlandu wa chigololo unathera pomwepo. Ndinapezeka wosalakwa chifukwa zinatsimikizika pamaso pa Chinamwali yense kuti palibe chimene ndimatha.

Lolemba tinapita ndi Upile kuchipatala, kumene tinayenera kupita kalekale. Anatipatsa thanzi wosungunula m'madzi, n'kunena kuti phala lija lisiyidwe kaye ndipo mwana aziyamwa mokwanira. Nditaulula za chikhodzodzo, namwino anandikalipira ngati mwana wake. Anati thupi la munthu wobereka limachira pang'onopang'ono, anandiphunzitsa zolimbitsa m'chiuno zochita nditakhala pampando, n'kundiuza kuti ndiyambe ndi kuyenda. Upile anachira, masaya anabwerera. Ku mpikisano uja ndinafufutitsa dzina langa.

Koma tsiku la mlandu lija panali munthu mmodzi amene sanaseke. Alendo atapita, bambo a Upile anandipeza pakhonde ndikusonkhanitsa makapu. Anayankhula motsitsa mawu. "Amake Upile, pakaliyala inenso ndimatha kukhala. Mukanandiuza, ndikanakhalapo ndine. Koma munandiyang'ana amayi akundinena zachiwerewere, inu n'kumati mukandipempherera." Ndinapepesa tsiku limenelo, ndipo ndapepesanso kambirimbiri.

Inu owerenga, makamaka amayi amene mwangobereka kumene, sindikunena kuti masewera ndi oipa. Pano ndimayenda, ndayamba kuthamanga pang'ono, ndipo kusambira ndikuphunzira masana anthu akuona. Mwina tsiku lina ndidzayesa waufupi uja. Koma posankha mpikisano musasankhire pakamwa pa munthu amene wakusekani. Yambani mwafunsa kuchipatala. Sankhani mtunda umene thupi lanu la lero lingathe, osati la kusekondale, ndiponso umene nyumba yanu ingathe, chifukwa maola amene mukhale mumsewu wina akhala atanyamula mwana wanu. Ndipo ngati mpikisano wake ukufuna kuti muyambe mwanamiza munthu amene mumagona naye nyumba imodzi, umenewo ndi wautali kwambiri, usiyeni.

Amuna anga anandikhululukira, ndipo nkhani ya khasu amaiseka nawo tsopano alendo akabwera. Koma mpaka lero ndikanena kuti ndikupita kumsika, amangoti chabwino, muyende bwino. Ndikafika pageti n'kutembenuka, ndimawaona atakankha katani pang'ono, akuyang'ana kumene ndilowere. Kale sankatero.