Batani Limene Dalitso Anadina

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene foni yoyamba ya intaneti inalowa m'nyumba mwathu ku Chawama. Anaibweretsa ndi amalume, oyendetsa minibasi, chifukwa amayi, omwe anali telala, ankadandaula kuti makasitomala akufuna masitayilo amene iwo sanawaonepo. Amayi Chingerezi chinkawavuta, choncho kuwerenga zolembedwa pafoniyo inali ntchito yanga.

Loweruka lina masana, m'nyengo ija ya mphepo imene fumbi limalowa mpaka m'mano, kunabwera mayi wina wa kutchalitchi kwathu, ba Tembo, atanyamula chitenje chatsopano. Ankafuna diresi lokavala pa ukwati wa mwana wawo. Tinakhala pakhonde pafupi ndi makina osokera, mitu itagundana pafoni, ine ndikusuntha zithunzi za madiresi. Mlongo wanga Dalitso, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankasewera pansi ndi tizidutswa ta nsalu.

Mwadzidzidzi madiresi aja anasowa, panabwera tsamba lakuda lokhala ndi mawu ochepa. Amayi anati ndiwerenge. Ndinawamasulira pang'onopang'ono kuti tsambalo likufunsa ngati takwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, chifukwa za m'kati mwake ndi za akuluakulu okhaokha. Tisanamvetse n'komwe, Dalitso anaimirira n'kupisa kadzanja kake pakati pathu.

"Mutinika chabe apa," anatero, uku akudina batani lobiriwira. "Vimaseguka vokha."

Zimene zinaoneka sindingazilembe pano. Ba Tembo anaphimba nkhope ndi chitenje chawo chija. Amayi anatembenuza foniyo n'kuikanikiza pathebulo la makina, koma mawu ake ankamvekabe mpaka ine nditaitsomphola n'kuizimitsa. Komabe chimene chinandiopsa kwambiri sichinali zithunzizo. Chinali nkhope ya Dalitso. Mwanayo sanadabwe. Ankatiyang'ana mmodzimmodzi, kudikira kuti timuyamikire poti watithandiza.

Ndinkayembekezera kuti amayi atenga lamba. M'malo mwake anagwada pansi, n'kumufunsa ndi mawu otsika kumene anaphunzira zimenezo. Dalitso anayankha mosabisa kuti kwa ba Joe, kumene ankameta tsitsi. Anyamata akuluakulu ankakhala pabenchi panja pa shopuyo ndi foni, ndipo ankaitana ana odikira kumetedwa kuti adzadine batanilo, iwo n'kumaseka. Anatchulanso mayina a anzake, ena aang'ono kuposa iye.

Amayi anamugwira dzanja n'kuuyamba, tepi yoyezera ikadali m'khosi, ine pambuyo pawo. Tinadumpha ngalande, tinadutsa pampopi pamene azimayi anali pamzere ndi zigubu zawo. Anyamata a pabenchi atangotiona anamwazikana. Ba Joe anazimitsa makina ometera n'kufotokoza kuti foniyo si yawo, sangalondere mafoni a anthu, ndiponso tsambalo limayamba lafunsa zaka za munthu lisanatseguke.

Amayi anatsegula pakamwa pa Dalitso ndi zala zawo, kuonetsa mpata wa mano akutsogolo amene anali atangoguluka kumene.

"Ba Joe, yang'anani bwino. Uyu mwana ali na mano ya mkaka. Icho chinthu chinamufunsa zaka, chinamukhulupirira. Nanga imwe muli na maso, munali kuti?"

Ba Joe anaweramitsa mutu. Mawa lake benchi ija inalowetsedwa m'shopu. Amayi anayenda khomo ndi khomo kuuza makolo a ana onse amene Dalitso anatchula. Ena anathokoza, ena anakwiya n'kunena kuti ana awo sangachite zoterozo. Anyamata aja anangosamukira kuseri kwa bala ina, ndipo kwa nthawi yaitali amayi ankameta Dalitso okha ndi sizasi yodulira nsalu, mutu wake n'kumaoneka ngati wadyedwa ndi makoswe.

Nditawafunsa chifukwa chimene sanamumenyere, amayi anandiyankha akusoka, osadzutsa mutu. Anati mwana ukamumenya chifukwa cha zimene akuluakulu amuonetsa, mawa akaona zina adzakubisira.

Masiku ano ndili ndi mwana wanga, ndipo ndimamva kuti m'maiko ena akhazikitsa malamulo oti masamba oterewa azitsimikiza zaka za munthu, mwina pomuuza kuti aonetse chitupa, asanamulole kulowa. Anzanga ena amatsutsa. Amati chitupa chako kuchipereka kwa anthu osawadziwa n'koopsa, komanso ana ochenjera adzapezabe njira. Nkhawa zawo ndimazimva, ndipo sindinganene kuti lamulo lokha lingalere mwana. Koma ndinaphunzira ndili wamng'ono kuti kungofunsa mwana ngati ndi wamkulu, n'kukhulupirira yankho lake, si kumuteteza. Ndi njira imene akuluakulu amadzichotsera mlandu.

Chaka chatha ndinafunsa Dalitso, amene tsopano ndi bambo wa ndevu zake, ngati amakumbukira za tsikulo. Anandiuza kuti ulendo woyamba kuona zinthu zija anabwera kunyumba ali ndi nseru, analephera kudya, ndipo tonse tinkati ndi malungo.

"Nanga funso lija la zaka, unkaliyankha bwanji?" ndinamufunsa.

"Ba sisi, nenze sinidziwa kuwerenga," anatero. "Sininadziwe kuti ni funso. Ananiuza chabe kuti nizitinika pobiriwira."