Ndinamulanda tulo mwana wanga Felista

Inu owerenga, ine ndine mayi amene ndinawononga mwana wanga wamkazi ndi manja angawa, ndipo pamene ndinkamuwononga anthu ankandiyamikira. Sindinamumenyepo ndi ndodo, sindinamugonekepo ndi njala. Ndinangomulanda tulo basi.

Kwathu ndi ku Chipata, koma ndinakulira ku Kitwe. Nthawi imene migodi inkagulitsidwa, bambo a Felista anabwera kunyumba ndi kalata yowachotsa ntchito. Tinasamukira ku komboni ya Kwacha, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Iwo ankapita ku Ndola kukazungulira m'mafakitale, koma ankangopeza mageti otseka ndi alonda. Ine sindine munthu wokhala manja lende, ndiye ndinayamba kukazinga vitumbuwa.

Malonda amenewa safuna wochedwa. Uyenera kufika pa siteji ya maminibasi 5 koloko isanakwane, apo ayi anzako akulanda makasitomala. Ndekha sindikanakwanitsa. Felista, mwana wanga woyamba, anali ndi zaka 14, ali Giredi 8. Ndinkamudzutsa 3 koloko kuti ayatse mbaula n'kuyamba kukazinga, ine ndikanyamuka ndi beseni loyamba iye azikonza lachiwiri. Madzulo ankakanda fulawa wa mawa, kutsuka mapoto, kenako n'kulemba za kusukulu. Pokagona inali itadutsa kale 11 koloko. Werengani nokha maola amene mwanayo ankagona.

Ankasinza pambali pa mafuta owira, ndipo ine poopa kuti angapse ndinapeza mankhwala anga. Ndinkamupangira tiyi wakuda wa shuga wambiri, n'kumuuza kuti zophwanyika ndi zopserera zonse azidya kuti tulo tithawe. Posakhalitsa anayamba kudandaula njala tsiku lonse. Ngakhale atangodya kumene, ankafunabe chotsekemera. Mpira wa manja umene ankaukonda anausiya, ati miyendo ikulemera. Yunifolomu ndinaikulitsa kawiri chaka chimodzi.

Apa mundimvetse bwino. Masiku amenewo munthu akangochepa thupi, anthu ankamuloza ndi milomo, kunong'onezana za matenda aja amene ankatiyendetsa m'maliro sabata ndi sabata. Kuonda kunalinso chizindikiro choti m'nyumba mwalowa umphawi. Ndiye mwana wanga akamanenepa, ine mtima unkakhala m'malo. Tikamatuluka ku Misa amayi anzanga ankamugwira masaya n'kumandiuza, pondiitana mwa Chibemba, "Bana Felista, mwana akuwala uyu, ngati kuti bambo ake akadali mumgodi." Ndinkayenda mutu uli m'mwamba, ine chitsiru.

Aphunzitsi ake anandiitanitsa kusukulu, nandiuza kuti mtsikanayo amangogona pa desiki. Anandifunsa nthawi imene amagona kunyumba. Ndinawayankha mwamwano kuti za m'nyumba mwanga siziwakhudza, ndipo nditafika kunyumba ndinamukalipira Felista kuti ndi waulesi, akundichititsa manyazi. Tsiku lina anandipempha motsitsa mawu kuti, "Amayi, ndiloleni ndizigonako Loweruka lokha." Ndinamufunsa ngati tulo tidzatigulira ufa. Sanapemphenso.

Mayeso a Giredi 9 analephera. Ndinaona ngati zandipepukira, chifukwa tsopano ankandithandiza tsiku lonse. Zaka zinapita choncho, thupi likungokula, akayenda pang'ono n'kumapuma mwawefuwefu.

Atakwanitsa zaka 20 zinthu zinatembenuka. Anayamba kumva ludzu losatha, kutuluka zithupsa zosapola, kenako thupi lija linayamba kutha mofulumira. Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri. Ndinaganiza kuti watenga matenda aja. Ndinamupanikiza kuti atchule mwamuna wake, iye akulira kuti alibe, ine osamukhulupirira. M'malo mopita naye ku kiliniki ndinamubisa m'nyumba miyezi ingapo kuti aneba asamuone, ndikumupatsabe tiyi wa shuga uja kuti thupi libwerere. Tinapita naye kuchipatala atakomoka pakhomo.

Anapeza kuti ndi matenda a shuga, ndipo anali atakhalitsa m'thupi. Namwino wina wachikulire anandikhazika pansi n'kundifunsa mmene mwanayo ankadyera ndi mmene ankagonera kuyambira ali kusukulu. Ndinamufotokozera zonse. Kenako anandiuza kuti mwana amene akukula akamasowa tulo, thupi limamunamiza kuti ali ndi njala, amalakalaka zotsekemera ndi zamafuta, mphamvu zothamanga zimatha, ndipo matenda ngati awa amapeza polowera. Sanandinyoze mayi uja. Bola akanandinyoza.

Mankhwala tinayamba, koma kuwapeza kunali kovuta, mwezi wina alipo, mwezi wina palibe. Maso a Felista anayamba kuchita chifunga pang'onopang'ono. Lero saona kanthu. Anzake amene ankasewera nawo mpira ali ndi mabanja awo, ena ali pantchito ku Ndola. Iye amakhala pampando pakhomo, ine nkhalamba n'kumamugwira dzanja popita kuchimbudzi. Bambo ake anatisiya, ndipo sindikudziwa amene adzamugwire dzanja ine ndikadzapita.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga a malonda a m'mawa, ndikudziwa kuti zinthu n'zovuta ndipo mwana wamkulu ndiye dzanja lanu lachiwiri. Koma musiyeni agone. Mukaona akusinza masana, musathamangire kumutcha waulesi, werengani maola amene wagona. Akamanenepa mwadzidzidzi musaombe m'manja, akamaonda musamubise, pitani naye akamuone a chipatala. Kwa ine malangizo amenewa alibenso ntchito, ndikungowapereka kwa inu amene nthawi ikadalipo.

Vitumbuwa ndinasiya kalekale, mbaula ija inachita dzimbiri. Ndimamuuza Felista kuti tsopano agone mmene angafunire, palibe womudzutsa. Koma thupi lake linazolowera. Ikangokwana 3 koloko ndimamva akukhala tsonga pabedi, akufufuza nsapato ndi mapazi, kenako amandifunsa, "Amayi, ndachedwa?"