Telala wa Maiko Awiri

Mumsewu wonsewo ankadziwika ndi dzina loti Mayi Mawa. Dzinali linachokera ku ntchito yawo ya utelala. Munthu ukapita kukatenga diresi yako, ankakuyang'ana chapamwamba pa magalasi awo, n'kumwetulira, n'kukuuza kuti ubwere mawa. Koma tsiku limene diresiyo yatuluka, mkwiyo wonse unkathera pagalasi lodziyang'anira, chifukwa dzanja lawo pa nsalu linali lakelake.

Shopu yawo inali kachipinda kamodzi pakati pa bambo wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Munali makina osokera awiri, ena amagetsi, ena opalasa ndi mwendo amene anawasiyira malemu mayi awo. Munalinso tebulo lalitali lodulirapo nsalu, lodzaza ndi zipsera za sizasi, simbi yositira, ndi katani wobiriwira wotchinga pamene anthu ankayeserapo zovala. Pamwamba pa shelefu ya ulusi panali kawailesi kakanema, ndipo n'kameneko kankachedwetsa madiresi a anthu, ngakhale eni ake ankakana kwamtuwagalu.

Mafilimu ankawakonda, koma osati alionse. Achikondi ankawagonetsa tulo, ankhondo ankati ndi phokoso chabe. Awo anali a anthu oyenda m'nthawi, obwerera dzana kapena kudumphira kutsogolo, ndi aja osimba za maiko ena ofanana ndi lathuli, kumene munthu yemweyo akukhala moyo wina. Matendawa anawatenga ali kamtsikana. Bambo awo ankagwira ntchito yong'amba matikiti pakhomo la holo yoonetsera kanema, ndipo Loweruka masana ankalowetsa ana awo awiri amapasa n'kuwakhazika kumbuyo kwenikweni. Tsiku lina anaonetsa filimu ya munthu amene analowa m'chibokosi chachitsulo n'kukatulukira m'masiku a agogo ake, nawapeza akadali kamnyamata kamakani. Mapasa winayo anagona pakati pa filimu. Mnzakeyu, amene anadzakhala Mayi Mawa, atafika kunyumba analowa m'kabati ya zovala, n'kudzitsekera, n'kutsinzina mwamphamvu. Atatuluka anapeza Loweruka lomwe lija, ndi mayi ake ataima chogwira m'chiuno, akufunsa amene wapondaponda malaya osita.

Anakula, anaphunzira kusoka, anakwatiwa ndi bambo woyendetsa basi, munthu wofatsa amene ankayamba kuliza mkonono filimu isanafike pokoma. Ana anakula n'kuchoka pakhomo, koma matenda aja sanachoke. Makasitomala ankawadziwa. Uku tepi ili m'chiuno mwa munthu, Mayi Mawa ankafotokoza kuti mafilimu otere ali mitundu iwiri. Alipo amene munthu akabwerera kale n'kukasuntha kanthu, ngakhale kapu ya madzi, lero lonse limasintha. Alipo ena amene dziko limagawikana ngati msewu wa mphanda, lina kupita uku, lina uko, onse n'kumapitirira. Iwo ankakonda achiwiriwa, chifukwa ankati mmenemo palibe chimene chimatayika.

Mapasa mnzawo uja anakhala namwino. Ndiye anayamba kubadwa, ndipo sankalola kuti zimenezi ziiwalike. Nkhope inali imodzi, mpata wapakati pa mano umodzimodzi, ngakhale kaseko, koma mitima inali yosiyana. Anamwino ankayenda mothamanga, ankayankhula zachidule, ndipo za mafilimu ankati n'zotayitsa nthawi munthu wamkulu wa zidzukulu.

M'mawa wina, Mayi Mawa ali ndi mapini pakamwa, m'shopumo munalowa bambo wandevu zambiri pamodzi ndi mayi wonyamula kamera. Wandevuyo anapereka moni mwaulemu n'kufotokoza kuti iwo akukonza sewero la pawailesi yakanema, ndipo iye ndiye akulitsogolera. Seweroli linali la msewu wamba ngati womwewu, umene mwatseguka khomo lopita kudziko lina, kumene anthu omwewo ali ndi moyo wina. Chimene ankafuna chinali telala wosoka zovala za anthu a kudziko linalo.

Mapini onse anagwa pansi. Mayi Mawa anaimirira, anakhalanso, anachotsa nsalu pampando kuti alendo akhale, kenako anafunsa funso limene linali litawakwera kale pakhosi.

"Achimwene, dziko lanulo linapatukana liti ndi lathuli?"

Wandevu anayang'ana wojambula, maso ake akuwala. Anati wayenda kwa atelala angapo, onse amayamba ndi kufunsa mtundu wa nsalu. Anakoka mpando, ndipo macheza amene anayamba pamenepo anapitirira mpaka dzuwa litafika paliwombo. Anagwirizana kuti anthu a kumeneko asavale zonyezimira ngati mapepala a maswiti, koma zovala zoti munthu ukaziona uzidabwa pang'ono chabe, osadziwa chimene chalakwika. Mayi Mawa anaganiza zoti kudziko limenelo zipi sanaitulukire. Wandevu anawonjeza kuti mabatani azikhala kumsana, kuti anthu a kumeneko azivekana, munthu asamathe kuvala yekha. Onse awiri anawomba m'manja ngati ana.

Masiku otsatirawo makina sanapume. Mayi Mawa anasoka majekete a kolala ya mbali imodzi, malaya a matumba pamikono, ndi chikhothi chachitali chotuwa chokhala ndi mzere wa mabatani kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, kumbuyo. Ankafika pashopu anzawo asanatsegule, akuimba. Kawailesi kaja sanakayatse n'komwe. Zovala zonse zinatha tsiku lopangana lisanakwane, moti wometa tsitsi anazungulira msewu wonse akulengeza kuti dziko latsala pang'ono kutha.

Wandevu atabwera kudzatenga katunduyo anasangalala, koma nkhope yake inkaoneka yotopa. Anafotokoza kuti pali gawo limodzi limene lawavuta, pamene mayi wina akumana ndi iye yemweyo wa kudziko lina. Anayesa kujambula wosewera mmodzi kawiri n'kulumikiza zithunzizo, koma maso ankaphonyana, mithunzi inkasemphana, ndipo anthu awiriwo sakanatha kugwirana ngakhale chala.

Akuyankhula choncho, pakhomo panalowa anamwino ndi yunifolomu yong'ambika thumba. Anaiponya patebulo n'kunena kuti akuifuna lero lomwe. Wandevu anayang'ana pakhomo, anayang'ana pamakina, anayang'ananso pakhomo. Kenako anaimirira pang'onopang'ono ngati waona ndalama pansi pamsika, n'kuyamba kuchonderera kuti mapasawo asewere gawo lija.

Anamwino anakana asanamalize n'komwe. Anati iwo ndi munthu wa ntchito, odwala akuwadikira, za zisudzo akafunse ena. Anatuluka. Mayi Mawa anawathamangira tepi ili m'khosi, mpaka pokwerera basi. Anawakumbutsa za yunifolomu zonse zimene anawasokera, sizinathandize. Anawauza kuti mwayi wotere sudzabweranso, sizinathandize. Potsiriza anawagwira mkono n'kunena mawu amene anakana kuwanena chibadwire.

"Akulu anga, chonde."

Anamwino anatembenuka. Anati abwerezenso, sanamve bwino chifukwa cha phokoso la magalimoto. Mayi Mawa anabwereza. Basi isanafike nkhani inali itatha: adzabwera tsiku lawo lopuma, koma wina asayerekeze kuwapaka zofiira kumaso.

Anajambulira m'shopu momwemo, masana dzuwa likuswa mtengo. Zingwe za magetsi zinayala pansi ngati mizu, nyali zazikulu zinatenthetsa kachipindako, ndipo anthu a mumsewu anadzaza pakhonde, ena atakwera pamabenchi. Wometa tsitsi anapemphedwa kuzimitsa makina ake, n'kusiya kasitomala atametedwa mbali imodzi, koma kasitomalayo sanadandaule, naye anatuluka ndi nsalu m'khosi kudzaonerera. Mayi Mawa anali telala wa dziko lino. Anamwino, atavala chikhothi chotuwa chija, anali mlendo wa kudziko lina, wotulukira kuseri kwa katani wobiriwira.

Zinadabwitsa onse. Anamwino, ozolowera kuyankhula ndi anthu pa nthawi zovuta, anali phee, mawu awo akutuluka bwinobwino. Amene anabalalika anali katswiri wa mafilimu. Katani akangogwedezeka, Mayi Mawa ankaphulika ndi phwete. Akadzigwira, mawu ankathawa. Ulendo wina anayankha funso lisanafunsidwe, ulendo wina anaponda chopalasira makina mwangozi, singano n'kuyamba kuthamanga yokha. Pakhonde anthu ankagwa nako kuseka. Thukuta linali kamukamu, ndipo anayamba kuopa kuti aononga chinthu chimene anachilakalaka moyo wawo wonse.

Wandevu sanapse mtima. Anawapatsa madzi akumwa, n'kugwada pafupi ndi makina. Anawauza kuti aiwale mawu onse amene analoweza. Katani akatseguka, angofunsa chimene iwo eni akanafunsa atakumana ndi munthu wotere.

Mafunso otere Mayi Mawa anali nawo odzaza mtanga. Zaka zonsezi ankaganiza kuti akanafunsa ngati kumeneko magalimoto amauluka, ngati anthu amakalamba, ngati mwezi ndi umodzi. Wojambula anakweza dzanja, pakhonde panati zii, katani anatseguka. Anaona nkhope yawo yomwe itaima patsogolo pawo m'chovala chachilendo, ndipo chimene chinatuluka pakamwa sichinali mwa mafunso aja.

"Kwanuko amayi alipo?"

Mayi awo anamwalira mapasawa asanakwatiwe, ndipo awiriwa sankaikamba kawirikawiri nkhaniyo. Anamwino anayankha ndi mawu otsika, osathamanga.

"Alipo. Akalamba, tsitsi lonse mbuu. Amadandaula mawondo, koma makina awo salola munthu kuwagwira. Akamachapa amaimba nyimbo yawo ija, ndipo pakati amaiwalabe mawu, n'kumangong'ung'udza."

"Nanga ine amandifunsa?"

"Kwathu iweyo ndine. Tsiku lililonse amandikalipira kuti ndimachedwetsa zovala za anthu."

Mayi Mawa anaseka misozi ili chuchuchu. Anatambasula dzanja n'kugwira tsaya la mbale wawo, ngati akufuna kutsimikiza kuti ndi munthu weniweni, ndipo anamwino anagwira dzanjalo osalisiya. Wojambula anapitiriza kujambula uku akupukuta m'maso ndi phewa. Wandevu atanena kuti basi zatheka, pakhonde panabuka nthungululu ndi malikhweru, wometedwa mbali imodzi uja akuwomba m'manja kuposa onse.

Sewerolo linaulutsidwa Lamlungu lina masana. Kawailesi kaja anakatulutsira pakhonde, pampando wosanjikiza pa tebulo, ndipo msewu wonse unasonkhana, amuna awo a Mayi Mawa atakhala kutsogolo ndi malaya atsopano. Chikhothi chotuwa chitangooneka anthu anakuwa, ena akuloza katani, ena simbi, wokonza mafoni akulumbira kuti chigongono chimene chaoneka m'mphepetemo n'chake. Mayi Mawa anaonera ataphimba pakamwa ndi manja onse awiri. Kuyambira sabata imeneyo achinyamata anayamba kubwera kudzasoketsa majekete a mabatani akumsana, ndipo kuchipatala odwala ankafunsa anamwino ngati abwera kuchokera kuno kapena kuja.

Lolemba m'mawa, sewero litangoulutsidwa, mapasawo ali m'shopu akukambirana za dzulo, foni inalira. Anali amalume awo, mlongo wa malemu mayi awo, nkhalamba yokhala kutali imene inkaimba foni pokhapokha kukagwa zovuta. Mayi Mawa anayankha mtima uli m'mwamba. Amalumewo sanapereke n'moni womwe. Anati sewero aliona kwa aneba, zovala n'zabwino, koma pali bodza limodzi limene sangalilekerere.

"Mlongo wanga sankaimba pochapa. Pochapa ankakhala wokwiya. Ankaimba posita."

Anamwino anafuna kutsutsa, koma atakumbukira bwino anavomera kuti n'zoona. Amalume anati ndiponso mawu apakati amene mlongo wawo ankaiwalawo iwo amawadziwa, poti nyimboyo anaphunzitsidwa limodzi ali ana. Anakhosomola kawiri n'kuyamba kuimba pafoni pomwepo, ndi mawu onjenjemera koma osaphonya. Mayi Mawa anakweza mawu a foni n'kuiika pakati pa tebulo lodulira nsalu. Mapasawo anaweramira pamenepo mitu itagundana, akutsatira mzere ndi mzere, ndipo amalume ankawaimitsa n'kuwabwezera poyambira akangolakwitsa.